Manja Osayenera Kukhudza Mkwatibwi

Lolemba, 9 Juni

Andigoneka m'chipatala lero. Ndine Mwanakombo binti Shomari, wa ku Bagamoyo. Kusukulu sindinapondeko. Zilembo ndinaphunzira ndili kale ndi ana atatu, pa sukulu ya akuluakulu, ndiye zikuyenda mokhotakhota ngati nkhanu. Koma palibe adzaziseke. Bambo Kimaro, woyang'anira makina oyezera kuno, ndiye wandipatsa kopeli kuti ndizilembamo madzi amene ndamwa. Wati chilichonse chimene ndikhudze m'chipinda muno chidzamangidwa m'thumba lachikasu, chitsekeredwe miyezi itatu, kenako chiwotchedwe. Basi ndilemba zonse, ndi zosayenera kulembedwa zomwe.

Chithokomiro changa anachichotsa mu Epulo. Inali khansa. Dokotala akuti timizu tina tinatsala timene mpeni sungatione, ndiye mankhwala a mawa ndi okasaka timizuto.

Masabata atatu tsopano ndisanalawe mchere wa m'sitolo, mkaka, kapena nsomba. Munthu wobadwira pagombe kumuletsa nsomba! Mapiritsi anga a tsiku ndi tsiku anandiletsanso. Thupi lalemera, nkhope yatupa, ndikunjenjemera ndi kuzizira mu Dar es Salaam muno anthu akutuluka thukuta.

Chipinda n'changa ndekha. Pansi pulasitiki, pa chogwirira cha chitseko pulasitiki, foni yanga nayo aivyeka pulasitiki. Pachitseko pali chizindikiro chachikasu cha mapiko atatu akuda. Pansi amata mzere wofiira.

Nesi Nyamizi anabwera ndi mafunso ake.

"Agogo, pepani, lamulo ndi lamulo. Muli ndi pakati?"

"Mwananga, mwamuna wanga anamwalira iwe usanamere mano. Pakhale pa ndani, pa jini, mzimu wa m'nyanja?"

Tinaseka tonse. Koma funsolo linandibaya, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Lachisanu la sabata yamawa, pa 20, Shufaa akukwatiwa. Shufaa ndi mwana wa Hidaya, Hidaya ndi mwana wa malemu mng'ono wanga. Ine ndine namkungwi wake, kwathu timati somo. Lachitatu, pa 18, ndiyenera kutsekerana naye m'chipinda n'kumusinga. Kusinga ndiko kumupaka mkwatibwi thupi lonse, atavula, phala la mtengo wonunkhira wa liwa, zonunkhira za kalafuu ndi maluwa, n'kumutikita kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, kuti khungu lifewe ndi kununkhira. Ndi ntchito ya manja ndi thukuta.

Shufaa ali ndi pakati pa miyezi itatu. Mimba ndi ya Sudi yemweyo amene akumukwatira, kungoti anafulumira. Ndinaona ndekha asanandiuze, pa mtsempha wa pakhosi ndi kulavulalavula. Anandigwira mapazi, ndinalumbira kuti sindiuza munthu, ngakhale mayi ake. Atavala sizioneka. Atavula, mkazi aliyense wobereka angaone.

Ndinawerengera kuti mankhwala ndimwa Meyi asanathe, ukwati udzandipeze nditayera. Koma akuti mankhwalawa sasungika, amayamba kutha tsiku lomwe apangidwa, ndiye amabwera pa ndege kuchokera kutali, ndipo tsiku langa linasunthidwa kawiri.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndameza.

Sindinadye kanthu kuyambira m'mawa. Cha m'ma 11 Kimaro anabwera akukankha kangolo, pamwamba pake kamphika ka mtovu, kakang'ono ngati chigayo cha tsabola. Anati nditakanyamula ndingathyoke msana. Mkati mwake kapisozi mmodzi yekha, wofanana ndi wa mutu. Sanamugwire ndi dzanja. Anamukweza m'kapaipi, ine ndinapendeketsa kapaipiko kukamwa, madzi pambuyo. Sanawawe, sananunkhe.

Nditatsitsa kapu, onse anali atabwerera chambuyo ngati ndasanduka mphiri.

Kimaro ndi Mchaga wa ku Moshi, msinkhu wa mdzukulu wanga, wolankhula ngati akuthamangitsidwa. Ali ndi kamakina kolira ngati nkhululu. Anandiimika pakhoma, iye pa mzere wofiira, mita imodzi kuchokera pa ine, n'kulozetsa kamakinako pamimba panga. Kanayamba te, te, te, kenako kulira kumodzi kosadukiza.

"280. Agogo, panopa mukuwala kuposa nyali za padoko, kungoti maso athu saona."

"Ndituluka liti?"

"Nkhululu ikatsika pansi pa 30."

Malamulo: madzi mabotolo awiri aakulu pa tsiku. Kuchimbudzi kuthira madzi katatu. Kusamba kawiri. Kuyambira mawa kuyamwa mandimu kapena bwemba kuti malovu aziyenda. Chakudya amachisiya pa kampando pakhomo, ine ndimakatenga atachoka.

Ndaswali nditakhala pabedi. Mawondo akukana kugwada.

Lachitatu, 11 Juni

180. Madzi mabotolo awiri. Pansi pa makutu patupa, pakuwawa ndikamameza.

Kimaro saima nthawi pakhomo, maso amakhala pa wotchi. Zambiri amandiuza pa foni ya pakhoma, ali muofesi mwake. Lero ndamufunsa kuti chimene ndamezachi n'chiyani kwenikweni, poti munthu uyenera kumudziwa mlendo amene wagona m'nyumba mwako.

"Agogo, mwandiputa. Khalani pansi. Chinthu chilichonse, inu, ine, chitsulo cha bedilo, madzi a m'nyanja, n'chomangidwa ndi tinthu tating'ono totchedwa maatomu. Kambewu kamodzi ka mchenga kali nato tochuluka kuposa mchenga wonse wa gombe la kwanu."

"Unawerenga ndiwe?"

"Anandiwerengera anzanga. Pakati pa atomu iliyonse pali njere. Njere zambiri zili phee, sizivuta munthu. Koma za ayodini amene mwamezayo n'zolemera mopitirira, zinapangidwa m'ng'anjo yaikulu ku Joni. Zili ngati ngalawa yodzaza mpaka m'milomo. Kuti ikhazikike, imaponya katundu m'madzi."

Akuti njere ikamasweka imaponya zinthu zitatu. Choyamba ndi kachidutswa kothamanga koopsa koma kosapita patali, sikadutsa ngakhale utali wa kambewu ka mpunga. Kameneko ndiko kamawotcha timizu ta khansa. Chachiwiri ndi cheza, chonga kuwala koma chosaoneka, chimene chimapyoza khungu, nsalu ndi chitseko, chimangofooka pa mtovu ndi pa khoma lochindikala. Chimenecho ndicho nkhululu imamva. Chachitatu akuti chimadutsa khoma, mtovu, dziko lonse lapansi, n'kutulukira mbali inayo osakhudza kanthu.

"Ameneyo ndiye jini," ndinatero.

"Jini amagwira anthu, Agogo. Aka sikagwira aliyense. Tina tambirimbiri tochokera kudzuwa tikukupyozani panopa."

"Iwe, usamandiuze zimenezo ndili ndekha m'chipinda."

Anaseka mpaka kutsokomola.

Ndinafunsa kuti nanga ayodiniyo akudziwa bwanji kumene kuli timizu. Wati m'thupi lonse chithokomiro chokha ndicho chadyera pa ayodini. N'chifukwa chake anandimana nsomba ndi mchere, kuti timizu tikhale ndi njala, timeze wopsereza uja mosafunsa. Wotsala amatuluka ndi mkodzo, malovu ndi thukuta.

Ndinadikira pang'ono, kuti lisaoneke ngati funso lofunika.

"Nanga mwana wa m'mimba, naye ali nacho chithokomiro?"

"Miyezi itatu ikangokwana, chake chimayamba kumwa. Ndipo n'kakang'ono ngati kambewu ka chitowe, kosachedwa kupsa. Kakapsa, mwana sakula bwino, thupi ndi nzeru zomwe. N'chifukwa chake apakati timawathamangitsira kutali ndi inu, ngakhale mutatuluka."

"Masiku angati?"

"Kwa inu, masabata awiri."

Ndinayang'ana manja anga. Anali onyowa.

Lachinayi, 12 Juni

120. Kimaro wati zikutsika pang'onopang'ono chifukwa impso zanga n'zokalamba.

Chipinda chinacho muli Mayi Koku, Mhaya wa ku Bukoba. Sindinamuone nkhope. Timacheza pa mazenera, aliyense mutu pa waya. Anameza tsiku limodzi ndi ine. Anasiya kunyumba mwana wa chaka chimodzi, atamuletsa bere mwadzidzidzi.

"Agogo a m'chipinda chachiwiri! Lero nkhululu yakulirirani zingati?"

"120."

"Ine 60! Mukutsalira, gogo. Mwina mumadya mabatire."

Masana kunabwera Hidaya. Anamulola kuima kuseri kwa mzere, pakhomo, kwa kanthawi. Anandibweretsera nsomba yokazinga ndi chinangwa cha kokonati, poti tsopano andilola mchere. Ndinailakalaka masabata atatu, koma m'kamwa inangomveka ngati ndikunyambita supuni.

"Amayi aakulu, mtima pansi," anatero. "Ndawafunsa anesi. Akuti mukatuluka, akuluakulufe tikhoza kukupatsani moni, bola mwachidule. Oletsedwa kwenikweni ndi ana aang'ono ndi apakati. Shufaa si khanda, ndipo chinacho Mulungu atitalikitsire. Ndiye Lachitatu mulipo."

"Kimaro akuti kutikita munthu tsiku lonse n'koletsedwa kwa aliyense."

"Ha! Ngati n'choncho ndiye Bi Chiku alipo. Atumiza uthenga dzulo, akuti ngati somo wadwala, iwo manja akuwayabwa."

Bi Chiku ndi azakhali a Sudi. Ankafuna Sudi akwatire mwana wawo. Akaona nthata pamsana pako m'mawa, madzulo Bagamoyo yonse yadziwa mbali imene ili. Atamuvula Shufaa, shehe wa kwathu sangamange ukwati mpaka mwana atabadwa, mwanayo adzabadwa wopanda dzina la bambo, ndipo bambo ake a Shufaa ndikuwadziwa, adzamuponyera zovala pamsewu.

"Ayi! Ndidzasinga ndekha."

"Nanga si mwati n'koletsedwa?"

"Ndakokomeza. Ukalamba."

Anapita wokondwa. Ine ndinakhala pabedi ngati andimenya.

Ndinamuuzako Koku pang'ono, kuti ndili ndi mkwatibwi woti ndisinge, sindingathe, ndipo wofuna kundilowa m'malo ndi mfiti ya pakamwa.

"Nanga mayi ake alibe manja?"

"Mayi sasinga mwana wake. Saona n'komwe thupi lake atakula. Kwathu sizichitika."

"Inu a kunyanja ndi miyambo yanu! Kwathu akanangomusambitsa ndi sopo n'kumupatsa nthochi."

Madzulo ndinamuimbira Kimaro, ndinafunsa ngati pali mankhwala ozimitsira motowu msanga.

"Palibe, Agogo. Njere iliyonse imasweka pa nthawi yake, ndipo palibe munthu padziko angalose kuti isweka ndi iti lero. Koma zonse pamodzi zili ndi lamulo. Pakatha masiku asanu ndi atatu, theka zasweka. Ena asanu ndi atatu, theka la zotsalazo. Choncho, choncho."

"Ngati kufinya kokonati. Woyamba wamafuta, wachiwiri wopyapyala, wachitatu wamadzi, koma madziwo sayera mbee."

"Ndendende! Mawa mukaphunzitse ophunzira anga a ku yunivesite."

"Nanga bwanji nambala yanga yatsika kuposa theka masiku awiri okha?"

"Chifukwa wambiri akutuluka ndi madzi amene mukumwawo."

Zimenezo ndazisunga.

Lachisanu, 13 Juni

85. Nseru m'mawa. Tsitsi lauma ngati chingwe cha makoko.

Shufaa anaimba foni masana, akunong'ona. Anali kuseri kwa thanki ya madzi, ndinamva mpopi ukudontha.

"Shikamoo, Agogo. Amayi akuti Lachitatu mulipo."

"Mvetsera, mwananga. Sindingakukhudze. Thukuta langa lili ndi poizoni wa mwana wako."

Anayamba kulira chamumtima.

"Uwauze mayi ako."

"Ndife kaye. Amayi sasunga kanthu, Agogo, mukuwadziwa. Nkhope yawo ababa amaiwerenga ali pa geti."

"Ndiye akusinga ndi Bi Chiku."

"Agogo, musatero! Ingondisingani inuyo. Musambe, muvale magolovesi, tichite mwachangu. Chinthu chosaoneka ndi maso chingatani?"

"Iwe, chimene chili m'mimba mwakomo chikuoneka ndi maso?"

"Munalumbira."

"Ndinalumbira."

"Akadziwa, ine ndikwera boti usiku womwewo, simudzandionanso."

Anadula.

Ndaganiza mpaka mutu kutentha. Ndikamusinga, ndipha nzeru za mwana. Ndikapanda kumusinga, Bi Chiku apha ukwati. Ndikaulula, ndathyola lumbiro ndipo mtsikana athawa. Khomo lotsala ndi limodzi, kuti nkhululu isiyiretu kulira Lachitatu lisanafike. Kimaro anati chimatuluka ndi madzi. Mabotolo awiri ndamaliza kale. Pa mpopi wa kubafa madzi satha. Amenewo sindiwalemba m'kaundula wake.

Loweruka, 14 Juni

Ndinagwa kubafa. Diripu padzanja. Mutu.

Nyamizi anandinyamula yekha.

Lamlungu, 15 Juni

Mutu wapepuka. Tsopano ndingalembe.

Akuti madzi amene ndinamwa anatsuka mchere wa m'magazi, umene unali wochepa kale. Ndinasanza, ndinayankhula zosamveka, ndinamutcha Nyamizi dzina la malemu mng'ono wanga. Anandikumbatira kuchokera kubafa mpaka pabedi, n'kukhala pambali panga kufunafuna mtsempha. Iye amene amayenera kungosuzumira. Ndamupepesa. Wati, "Kabaji kanga kadya zokwana mwezi wonse, Agogo. Mundilipire ndi hina, utoto wa m'manja wa paukwati." Kabajiko amavala pachifuwa, kamasunga cheza chonse chimene chamugunda.

Koku anatuluka dzulo ine ndili chikomokere. Anandisiyira mandimu kwa anesi. Zenera lake lili zii.

Kimaro anabwera atavala suti ya kutchalitchi. Sanaseke.

"Agogo, mukufuna kundichotsetsa ntchito? Munamwa madzi ochuluka bwanji?"

"Sindinawerenge."

"Woyandama m'magazi, madzi amamutsuka, inde. Koma amene wakakamira m'timizu ta pakhosi sachoka, ndipo tikufuna akhale pomwepo, akugwira ntchito. Ameneyo simungamufulumizitse. Mumuwiritse, mumuumitse, mumuthire nyanja yonse, amasweka pa nthawi yake."

Anayeza. 36.

Ndinati, "Mwananga, kulibe chovala cha mtovu chimene munthu angavale n'kumagwira ntchito ya manja?"

"Chimene amavala ojambula mafupa? Cheza chanuchi chimachidutsa ngati chitenje. Choti chikutsekeni bwino, mungafunike anthu anayi okunyamulani. Ndipo thukuta likadali pomwepo."

Kenako anatseka chitseko chakunja, n'kutsitsa mawu.

"Agogo, kuyambira Lachitatu mwandifunsa funso limodzi, mukungolisintha malaya. Dzina sindifunsa. Ndingokuuzani zoona zake. Wapakati musamukhudze. Musagone naye chipinda chimodzi. Musamupakire kanthu, musamuphikire, mbale ndi kapu zanu zikhale zanu. Pepala lonama sindingakulembereni, la mbali iyi kapena iyo."

Anatukula kamakina kake.

"Koma taonani ichi."

Anayatsa nkhululu pa mzere wofiira. Inalira mofulumira. Anabwerera chambuyo mita ina, kulira kunayamba kudukiza. "9. Si theka ayi, ndi gawo limodzi mwa anayi." Anabwereranso mpaka kunja kwa khomo. Te. Te. Te. "4. Zili ngati mbaula, Agogo. Woigwira amapsa, wokhala pafupi amatuluka thukuta, wokhala pakhomo amangomva kafungo ka makala. Adani a cheza ndi atatu, mtovu, mtunda, ndi kusakhalitsa. Mtovu mulibe. Zinazo n'zaulere."

Ndinathokoza. Koma somo wa mamita atatu ndi somo wanji? Somo ndi manja.

Hidaya waimba foni. Liwa agula, maluwa aitanitsa, Shufaa amulowetsa m'nyumba lero monga mwa mwambo. Bi Chiku afunsanso za thanzi langa. Sanandifunirepo zabwino chiyambire.

Ndikatuluka mawa sindikudziwa chimene ndikanene.

Lolemba, 16 Juni

27. Andimasula.

Ndikulemba izi ndikudikira kalata ndi mapiritsi, ndabwerera m'chipinda komaliza. Ndilemba mwadongosolo, mmene zinachitikira.

Ndinasamba, ndinavala zovala zatsopano zimene Hidaya anabweretsa, zakale zinalowa m'thumba lachikasu. Kimaro anati abale akudikira ku mabenchi, kumapeto kwa khonde, akufuna awauze malamulo ine ndilipo. Tinayenda, iye pambali patali, nkhululu ili m'dzanja.

Hidaya anadzuka n'kundikumbatira. "Amayi aakulu! Mwaonda ngati ndodo ya mpopi!"

"Mwachidule, mayi, mwachidule," anatero Kimaro.

"Ndakubweretserani mankhwala oposa a dokotala," anatero Hidaya, akadandigwira mkono. "Ndamuba m'nyumba, ababa ake sakudziwa. Ndati akaone somo wake, wakhala akulira sabata yonse."

Pa benchi yakumapeto panadzuka munthu wovala zakuda, nkhope yophimba. Ndinamudziwa pa mayendedwe. Sindikudziwa chimene ankaganiza. Mwina ankaopa kuti akapanda kundithamangira mayi ake adabwa. Mwina anangondisowa. Anatambasula manja, akubwera mofulumira.

Sindinaganize. Mawu anatuluka okha, aakulu, mpaka wokolopa anaima.

"Ima pomwepo! Usandiyandikire!"

Ndinabwerera chambuyo mpaka msana kugunda khoma, dzanja nditatukula. Shufaa anaima ngati wapondedwa ndi msomali.

Hidaya anaseka. "Amayi aakulu, mwayamba misala? Ine mwandikumbatira pompano. Anesi anati oletsedwa ndi ana ndi apa..."

Sanamalize.

Anandiyang'ana. Anayang'ana mwana wake. Dzanja la Shufaa linali pamimba, iye mwini osadziwa. Pakhonde ponse panali zii, kupatula nkhululu m'dzanja la Kimaro, te, te, te. Anaizimitsa n'kuyamba kuwerenga chikwangwani cha pakhoma ngati sanachionepo.

Ndinayembekezera mfuu. Hidaya ndi mkazi amene nkhuku ikataya mpunga amamveka kumsika. Anangotsegula pakamwa n'kutsekanso. Anakhala pa benchi mwapang'onopang'ono ngati nkhalamba.

"Shufaa. Pita ukakhale uko, kumapeto. Kutali. Ndati kutali!"

Mtsikana anapita akulira.

"Miyezi ingati?" Anafunsa ine, osandiyang'ana.

Lumbiro langa linali loti sindiuza munthu. Ndinatukula zala zitatu.

"Ya Sudi?"

Ndinagwedeza mutu.

"Bi Chiku?"

"Sakudziwa. Koma akamuvula adziwa."

"Ndiye mumati mumusinga ndi manja amenewo?"

"Sindikanamusinga."

"Nanga mukanatani?"

"Sindikudziwa, mwananga. Ndinayesa kumwa nyanja."

Anaphimba nkhope ndi mpango. Mapewa ake ankagwedezeka. Ndinafuna kumugwira, koma ndinali nditamukumbatira kale mokwanira tsiku limenelo. Patapita nthawi anapukuta maso, anamina, n'kutembenukira kwa Kimaro.

"Bambo, inu a kamakina. Munthu ameneyu akhale patali bwanji ndi wapakati?"

"Mamita atatu, mayi. Zenera lotsegula. Ola limodzi, lisapitirire. Asakhudze chilichonse chimene chikapite pathupi pake."

"Mamita atatu ndi pati?"

Kimaro anatulutsa tepi m'thumba n'kuyala pansi. Hidaya anavula masilipasi n'kuyenda pambali pake, phazi kutsogolo kwa phazi, akuwerenga chamumtima.

"Chipinda chakumbuyo chikwana," anatero. "Amayi aakulu, mudzakhala pampando kuseri kwa chitseko, mkati. Mudzayimba nyimbo zanu mokweza, azimayi a pabwalo azimva kuti somo ali pa ntchito. Ola likatha mudzatuluka kukakhala pakhomo panja, muziti mukupuma, ndipo Bi Chiku akayandikira muwauze kuti mukuwala, adzathawa okha. Ine ndidzalowa ngati wobweretsa madzi."

"Nanga wosinga?"

Anatambasula manja ake. Manja a mkazi wokazinga mandasi, a zipsera za mafuta.

"Hidaya, mayi sasinga mwana wake."

"Ndinamusambitsa ali ndi mchombo wosapola. Adzaone ndani?"

"Ababa ake adzakuwerenga pankhope."

"Mpaka Lachisanu ndidzakhala ndi chimfine, mpango kumaso. Mwamuna ameneyo amaopa chimfine kuposa Mulungu."

Anacheukira ku benchi yakumapeto. "Iwe, pukuta mamina, mkwatibwi salira ngati mbuzi. Za iwe ndi ine tidzakamba Loweruka, ndipo udzazimva." Mawu ake anathyoka pamenepo. "Wadya m'mawa uno?"

Shufaa anapukusa mutu.

"Taonani chitsiru ichi. Anthu awiri osadya."

Iwo apita pa basi. Ine ndikwera galimoto ya mwana wa mnansi, mpando wakumbuyo ndekha, ndikagona m'kanyumba kosungira makala. Nyamizi waima pakhomo ndi thumba lachikasu, akuti kope lilowe. Pakhosi pakadali kuwawa. Ngati timizu tapsa tidzadziwa pa chithunzi cha sabata yamawa.

Hidaya asanapite anabwerera, n'kuima pa mamita ake atatu ngakhale iye alibe chifukwa.

"Amayi aakulu, sindidziwa kanthu. Ndiyambire pati?"

Ndinayang'ananso manja aja.

"Yamba wawenga zikhadabo," ndinatero.